Tsika Uyeze

Pachipata cha ku Michiru bambo azimitsa injini.
Sanena kanthu. Angondiponyera diso,
ine ndadziwa kale: yakwana nthawi ya nsungwi.

Galimoto yathuyi kale inali ambulansi.
Adaigula pa okushoni ku Limbe
atapuma ntchito ya umakaniko,
nkuigogoda zaka zitatu kuseri kwa nyumba ku Chilomoni:
bedi pamene padali machira,
kasitovu, thanki ya madzi kunsi kwa mimba,
sola padenga.
Aneba ankati a Makwinja asanduka nkhono,
kusenza nyumba kukagona kutchire
kusiya ya malata ili chitsekere.

Nsungwiyi adadula ndi amayi.
Kutalika kwake nkwa galimoto
kuonjezapo chikhatho chimodzi,
chikhatho chawo, osati cha bambo.
Kunsonga adamangako kansalu kofiira,
kotsala pa chitenje chomwe chidapsa ndi simbi.

Lero ndine ndikuyenda nayo chilili
ngati mwana wonyamula mbendera ya sukulu.
Pansi pa mbawa yadutsa bwino.
Pa mthethe kansalu kakodwa mu minga,
basi, uko ayi.
Waya wochokera kukanyumba ka alonda
walendewera ngati chingwe choyanikapo zovala;
umenewo sindiusendera, ndingouyeza ndi maso.

Kenako ndigwada, poti pansi naponso pali milandu.
Chitsa chabisala mu udzu.
Mwala watulutsa mutu, ukudikira thanki yathu.
Ndidinda dothi ndi chidendene:
mvula ya dzana ikadali momwemo.

Mlonda, a Thombozi, akuseka.
"Achemwali, tangolowani,
sabata yatha kudalowa chachikulu kuposa ichi."
Ndiwafunsa ngati chidatuluka chathunthu.
Akanda kumutu, ayang'ana anyani pathanthwe.

Iwo sadakwerepo padenga lathu.
Pali chigamba pamenepo, chachikulu ngati lichero.
Ulendo woyamba, madzulo, kukuchita mdima,
amayi adati imani kaye,
bambo adati tikwana.
Nthambi ya mkuyu siidamve Chichewa chimenecho.
Idasenda sola, nkung'amba lata ngati chitini cha nsomba,
ndipo usiku wonse mvula idagona nafe pabedi.
Amayi adakhala tsonga, beseni pamiyendo,
osalankhula, osatukwana,
kungotaya madzi pakhomo likadzaza.
Kutacha adabwereka chikwanje.

Kuchokera tsiku limenelo
bambo sankalowa paliponse amayi asadatsike.
Zaka zisanu ndi chimodzi.
Kenako kudabwera ambulansi ina,
yeniyeni, ya machira ake,
ndipo nsungwi idakhala miyezi khumi pakona, ikudya fumbi.

Ndapeza malo tsopano, kuseri kwa mbawa,
pouma, posapendekeka.
Ndiwerenga mapazi: khomo litseguka lonse,
kumbuyo kutsala pokhotera mawa.
Ndiyang'ananso kumwamba,
kuopa nthambi youma yodikira mphepo ya usiku.
Palibe.

Ndiima pomwe galasi lingandione.
Bwerani. Bwerani. Kumanzere pang'ono.
Pang'ono, ndati!
Matayala akuphwanya timitengo timodzitimodzi,
denga likupita pansi pa masamba
osagwedeza ngakhale limodzi.
Amati kuona maso a nkhono nkudekha;
ine ndikuwaona m'galasimo,
ofiira, osaphethira, ali padzanja langa.

Ndimenya kumbuyo kawiri. Pho! Pho!
Injini izima.

Bambo atulutsa mutu pazenera.
"Takwana, Nasiyaya?"
Limenelo si dzina langa.
A Thombozi sakudziwa, anyani alibe nazo ntchito,
nanenso sindiwakonza.
Nditi takwana.

Pogoneka nsungwi pambali pa tayala
ndiika chikhatho changa kunsonga, pansi pa kansalu,
pomwe mpeni udalemba mzere.
Chaperewera pang'ono,
mwina ndi chala chimodzi.